Chitini cha Otsi cha Che Mdoka

"Abiti! Ikani pansi licherolo!"

Che Mdoka anatulukira kuseri kwa nyumba akuthamanga, madzi osamba akadali m'ndevu. Ndinali ndisanawaonepo akuthamanga. Akazi awo, Abiti Saidi, anali chilili pabwalo akupeta. Mphepo ya mvula inali itayamba. Chilichonse chimene ankaponya m'mwamba chinkapita nayo, n'kukagwa mumchenga.

"Ndikufuna maso ake," anatero Abiti, osasiya kupeta. "Mwasenza madeya masiku awiri, bambo inu. Ndapeta, ndapeta, ngakhale njere imodzi palibe."

"Njere zake ndi zomwe mukutayazo!"

"Izi? Zophwatalala ngati mamba a chambozi?"

Che Mdoka anawalanda lichero. Kenako anagwada, munthu wa imvi, n'kuyamba kutola tinthuto mumchenga, kamodzikamodzi. Palibe anawathandiza. Ine ndinali patali, pansi pa mtengo wa mango, pomwe anandiuza kuti ndizikhala. Pakhonde sankandilola. M'nyumbamo munagona mwana wanga Patuma, wa zaka ziwiri, miyendo itatupa. Mudzi wonse unkati ndikumupha ndine.

Chinali chaka cha njala yaikulu, ya 49.

Papita zaka tsopano. Dzulo tinawachitira sadaka Che Mdoka, ya masiku makumi anayi chimwalirire chawo. Ashehe anawerenga, anthu anadya mpunga, aliyense anati anali munthu wabwino. Mawu amenewo amanenera wakufa aliyense. Ine sindinayankhule. Pagulu sinditha. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma zimene ndinaona ndi maso ndikhoza kulemba.

Anali apongozi anga. Ine kwathu ndi ku Phalula. Ndinadzakwatira mwana wawo Asiyatu kuno ku Ulongwe, n'kumanga nyumba pamudzi pa akazi monga mwa mwambo. Iwonso anali mkamwini pamudzi womwewu, kungoti wakale. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Anati amuna pamudzi pano tili ngati atambala obwereka, kulira tilire, koma khola si lathu. Malangizo onse amene anandipatsa ndi amenewo.

Ntchito yawo inali ya ukhukhi kwa mzungu wina wa fodya ndi thonje cha ku Utale. Anakhalako zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kumudzi ankabwera kawiri kapena katatu pachaka, atavala kanzu yoyera ndi kofiya yofiira, nsapato atazikoloweka m'khosi kuti zisathe. Ankazivala akafika pa mlambe wa polowera m'mudzi. Ana ankathamangira kukaonerera nsapatozo.

Sanali munthu wofewa. Ukawapatsa madzi, ankayamba anunkhiza chikho. Mbale ankaiyang'anitsa padzuwa. Mawu oyamikira sindinawamvepo pakamwa pawo. Chinthu chikawakomera ankangoti, "Chikudyeka."

Anali Msilamu wosadumpha swala, koma ankakazinga nyama ya nkhumba m'mawa uliwonse, poti bwanayo ankaifuna. Anali ndi chiwaya chake chapadera ndi foloko yaitali ngati mkono, ndipo akamaliza ankasamba m'manja ndi phulusa katatu. Mwezi wa Ramazani ankaphika zonse osalawa. Ankati lilime limanama, zala sizinama: mchere wa phala la munthu mmodzi ndi wa zala zitatu, basi.

Nkhani zawo zonse zinkathera pa otsi. Otsi ndi mbewu ya kwawo kwa mzunguyo, ku Sikotilandi. Kuno simera. Inkabwera m'zitini, kale pamitu ya amtengatenga, kenako pa sitima njanji itafika ku Balaka. Imafika itaphwanyidwa kale, yopyapyala, yotuwa. Munthu wosaidziwa angati ndi madeya. Bwanayo ankamwa phala lake m'mawa uliwonse ali chilili pakhonde, lothira mchere wokha, shuga ayi. Akatero ankazungulira m'munda wa fodya mpaka dzuwa pamutu osafunsa kanthu. Che Mdoka anayang'ana zimenezi zaka zambiri, n'kupeza mfundo yawo. Ankati ife chimanga timachivula malaya, timachiviika, madzi ake timataya, ndiye timadya fupa loyera, mphamvu titapatsa nkhuku. Otsi amadyedwa ndi malaya ake omwe, n'chifukwa chake amakhalitsa m'mimba.

Abiti Saidi ankanyadira ufa wawo woyera kuposa chilichonse. Akamva zimenezi ankayankha kuti ngati mphamvu ili kwa nkhuku, khola lili apo, kadyereni komweko. Mkangano umenewu ndinaupeza, ndipo sunathe mpaka imfa.

Ankaphikanso timikate touma ta ufa wa otsi, tomwe bwanayo ankatenga akamapita ku ulendo. Anandifotokozera kaphikidwe kake kambirimbiri ndisanafunse. Ufa wa otsi sutupa ngati wa tirigu, ulibe ulimbo. Umafuna madzi otentha, mafuta pang'ono ndi mchere. Ukande msanga ukadali wofunda, chifukwa ukazizira umasweka ngati dothi la chulu. Uphwatalalitse ndi botolo, udule, uumitse pa chitofu pang'onopang'ono. Moto wa mu uvuni ankauyesa ndi mkono: kuulowetsa, n'kuwerenga mpaka khumi. Mkono wawo wamanja unalibe cheya ngakhale chimodzi.

Ulendo wina anabweretsa timikateto titatu m'kansalu, n'kundipatsa kamodzi. Ndinatafuna. Anandifunsa kuti kakukoma bwanji. Ndinati ngati khungwa la mtengo. Tchuthi chonsecho sanandiyankhulitse.

Koma kumudzi, khukhi wamkuluyo sankakhudza mphika. Mwamuna sakhala pa mafuwa mkazi alipo. Ankakhala pakhonde, mphuno ili kukhitchini. Ndiwo zikayamba kupserera ankatsokomola.

"Katsokomolereni dona wanu ku Utale," ankatero Abiti. "Kuno ndi kwanga."

Za njalayo sindinena zambiri. Amene anaiona akuidziwa. Mvula inadula chimanga chili m'mawondo, chonse chinapsa m'munda. Pofika kumapeto a chaka nkhokwe zinali zitagwetsedwa kukhala nkhuni. Tinkadya nyika za mu Shire, mpama ndi madeya. Amuna ambiri anachoka, ati kukafuna chakudya, osabweranso. Ine ndinapita ku Balaka kukatsitsa matumba pa siteshoni. Ndinakhalako masabata atatu, n'kubwerako ndi kachimanga kochepa. Sabata yomweyo Patuma anayamba kutupa. Mapazi, kenako masaya. Tsitsi linafiira n'kufewa. M'mimba munkangotsegula.

Amayi a pamudzi anati ndi tsempho. Anati ndinagona ndi mkazi wina ku Balaka, n'kubwera kudzanyamula mwana ndili wotentha. Ndinakana kamodzi. Sindinabwereze. Anandiletsa kumukhudza, anamumwetsa mizu, ndipo eni mbumba anati mwanayo akangotsikira kuli chete, ine ndinyamule nkhwangwa yanga ndibwerere ku Phalula. Asiyatu sankandiyang'ana kumaso. Iye ndiye anatuma wogulitsa nsomba wina wopita ku Utale kuti akauze bambo ake abwere adzaike mdzukulu.

Anabwera tsiku lachinayi, chitini chachikulu pamutu, chofika theka la debe. Nsapato anaiwala kuvala pa mlambe paja. Anatula chitinicho pakhonde, n'kupita kukasamba. Abiti anachitsegula, anaona madeya, anatenga lichero. Ankafuna kuthandiza. Chimanga, mapira, mpunga, chilichonse chodyedwa chimayamba chapetedwa. Mmene Che Mdoka ankawalanda licherolo, gawo limodzi mwa magawo atatu linali litapita.

Atatola zomwe akanatha, analowa m'nyumba. Ndinkaona pakhomo. Anadina phazi la mwanayo ndi chala chachikulu, n'kuchotsa. Kadzenje kanatsala. Anatuluka.

"Ili si tsempho. Ndi njala."

"Njala imaonetsa nthiti," anatero Abiti. "Njala yotupitsa munaiona kuti?"

"Kwa ana a antchito ku esiteti. Dona ankawamwetsa zomwezi."

"Tonse tili ndi njala pano. Ine bwanji sindinatupe?"

"Inu munasiya kale kukula, Abiti. Chikukula mwa inu ndi pakamwa pokha."

Wina anaseka kuseri kwa nkhokwe yakugwa. Abiti sanaseke.

Ndiye anachita chimene mudzi uno sunaiwale. Anavula kanzu, anatsala ndi nsalu m'chiuno. Anakazinga otsi wodzaza dzanja m'phale mpaka fungo linatuluka. Anakoka mtondo, anagwira munsi, n'kuyamba kusinja. Mwamuna wamkulu, wa ku mzikiti, kusinja pabwalo masana. Amayi anasonkhana, manja pakamwa.

"Che Mdoka, tikubwerekeni mpango?" anafuula mmodzi.

"Bweretsani nkhuni, mpango mufunde nokha."

Ananjuta pa mafuwa a akazi awo. Ufawo anauthira m'madzi ambiri ozizira, n'kuutereka pa moto wochepa, akutakasa osaleka. Zinatenga nthawi. Utapsa anang'amba chidutswa cha kanzu yawo ija, n'kusefera phalalo m'mbale. Chinatuluka chinali choyera, chonanda ngati therere.

"Zonandazo tayani, mupatse mwana zatsala pansaluzo," anatero Abiti.

"Mwataya kale zokwanira lero. Mankhwala ake ndi zonandazi."

Kenako anatembenukira ku mtengo wa mango.

"Akamwini. Bwerani."

Ndinaima. Ndinayenda mpaka pa mafuwa. Anatulutsa kampukutu ka mchere m'chiuno, n'kukatambasula patsogolo panga.

"Thirani."

Aliyense kuno amadziwa kuti munthu wotentha sathira mchere m'chakudya. Akathira, wodyayo amadulika. Mwana wodwala kale ndiye sachedwa n'komwe. Abiti anakuwa.

"Mukufuna kumumaliza? Mwana wa mbumba yanga? Inu muli ndi mawu anji pa mwana ameneyu?"

Mawu analibedi. Mdzukulu ndi wa kuchikazi. Che Mdoka anandiyang'ana ine, n'kufunsa motsitsa, kuti timve awiri.

"Ku Balaka kuja?"

"Iyayi."

"Thirani. Pang'ono. Chala chimodzi ndi chachikulu."

Ndinathira.

"Mumwetsenso ndinu."

"Akafa," anatero Abiti, "nonse awiri muchoke pano tsiku lomwelo."

"Chabwino," anatero Che Mdoka. "Katundu wathu ndi wochepa."

Ndinamunyamula Patuma koyamba patatha mwezi. Anali wolemera ngati thumba lonyowa, wozizira. Anameza masupuni atatu, n'kusanza. Ndinayang'ana apongozi anga. Anati tidikire. Patapita kanthawi tinamupatsa awiri. Amenewo anakhala m'mimba. Ndinkafuna kuwonjezera, anandigwira mkono. Anati m'mimba mwa munthu wanjala muli ngati mphika watsopano, suutereka pa moto waukulu.

Tinatero tsiku lonse, ndi mawa lake. Pang'ono, kudikira, pang'ono. Otsi ankayeza ndi dzanja lawo, chitini n'kuchimanga ndi luzi. Zotsala pansalu ankazikanda, kuziumitsa m'phale, n'kupatsa Asiyatu. Iwo eni sanalaweko ngakhale kamodzi. Ankadya nyika ngati tonsefe. Bambo wina wamkulu anabwera kudzapempha, anamukaniza poyera. Mayi wa nyumba yachitatu anabwera ndi mwana wotupa ngati wathu, anamupatsa manja atatu n'kumuonetsa kaphikidwe. Mwana ameneyo anamwalirabe. Anabwera mochedwa.

Tsiku lachinayi zinaoneka ngati zaipa. Kutupa kunayamba kuphwa, ndiye kunaonekera mwana weniweni amene anali mkatimo. Mafupa okhaokha, khungu lili lendelende. Amayi anati watha. Abiti anatulutsa mphasa yanga ndi nkhwangwa, n'kuziika pabwalo. Che Mdoka anazilambalala popita ku mafuwa. Koma ndinawaona atayeza dzanja la otsi, akubwezeramo, akuyezanso. Sindinawaonepo akuyeza chinthu kawiri.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi m'mimba munaleka. Anayamba kulimbitsako phalalo, osasefanso, n'kuthiramo nsinjiro za mtedza umene anabwera nawo m'thumba la malaya. Tsiku lachisanu ndi chinayi, phala likuchedwa, Patuma analira. Osati kubuula kuja. Kulira kwaukali, kwa munthu wofuna chake. Anamenya supuni, phala linandigwera pamwendo.

Che Mdoka anayang'ana mwendo wangawo.

"Nyambitani. Chimenecho chayenda panyanja."

Abiti Saidi sanapepese. Sanali munthu wotero. M'mawa wina ndinapeza mphasa ndi nkhwangwa zili m'nyumba, iwo akundikalipira kudzera mwa Asiyatu kuti ndi mkamwini wanji wosiya katundu pamvula. Za tsempho sizinatchulidwenso. Asiyatu anandiyang'ana kumaso sabata imeneyo.

Chitini chinatha patapita masabata atatu. Nthawiyo n'kuti Patuma akuima atagwira nsanamira ya khonde, ndipo m'munda nkhwani ndi maungu ang'onoang'ono zitayamba. Che Mdoka anachapa chotsala cha kanzu yawo, n'kunena kuti akubwerera ku ntchito. Ndinawanyamulira katundu.

Tsiku loyamba lonse tinangoyenda. Lachiwiri, tikuyandikira, ndi pamene anandiuza mmene anachokera ku ntchitoko. Uthenga wa Asiyatu unawapeza kutatsala masiku awiri kuti chaka chithe. Kwa anthu a mtundu wa bwanayo chaka chatsopano n'chachikulu kuposa Khirisimasi, ndipo alendo anali akubwera kuchokera ku Zomba. Anapempha zinthu ziwiri, chitini ndi tchuthi. Chitini anawapatsa. Tchuthi anawakaniza. Anasiya mikate mu uvuni, n'kunyamuka.

Tinapeza utsi ukufuka kukhitchini. Pakhomo panaima munthu wina, atavala epuloni yoyera. Bwanayo anatuluka pakhonde. Sanakalipe. Anafunsa ngati mwanayo ali moyo. Che Mdoka anati ali moyo. Bwanayo anagwedeza mutu, anati ndi bwino. Kenako anati, m'Chinyanja chake chokhotakhota, nyumba siyembekeza munthu.

Anawalola kulowa kukatenga zawo. Anatuluka ndi mpeni ndi botolo lija lophwatalalitsira. Atafika pamene ndinaima anakweza mphuno.

"Akupsereza," anatero.

Tinatembenuka. Powoloka mtsinje wa Rivirivi anaima pakati pa madzi. Anati kumudzi tikanene kuti maso awo atopa ndi utsi, asiya okha. Anati mwana asadzamve, chifukwa munthu sayenera kukula atasenza chinthu chotero. Ndinati chabwino. Abiti ndikhulupirira anadziwa. Sanafunse, ndipo kuyambira pamenepo akatsokomola pakhonde, ankangopita kukaphula ndiwo.

Anakhala nafe zaka zisanu ndi zinayi. Anaumba uvuni wa dothi la chulu kuseri kwa nyumba, n'kumaphika zigumu za mgaiwa, nthochi ndi nsinjiro, zogulitsa pamsewu. Amayi ankasekabe, koma ankagula. Ana a pamudzi akasiya kuyamwa, amayi awo ankabwera chamseri kudzafunsa za phala. Ankawauza kuti asakonole chimanga cha mwana, athiremo nsinjiro, aphike nthawi yaitali. Anayesa kukazinga mapira ndi mchewere n'kusinja monga ankachitira ndi otsi. Ankalawa, n'kupukusa mutu. Nsapato zija sanazivalenso.

Otsi sanamuphikenso. Kamodzi tinapita limodzi ku Balaka kukagula makasu. M'sitolo ya mmwenye munali chitini chake pashelefu, chaching'ono. Anapempha kuchiona. Anachigwira ndi manja awiri, anachigwedeza pafupi ndi khutu, anamvetsera. Anachibweza. Panjira anandiuza kuti ndagula khasu loipa.

Anadwala chifuwa nyengo yozizira. Sanagone nthawi yaitali. Phala lomaliza anawaphikira Abiti, la mgaiwa, ufa umene Abitiwo ankaunyoza moyo wawo wonse. Anameza kawiri. Anati chikudyeka.

Lero m'mawa ndinapita kuseri kwa nyumba yawo. Uvuni wang'aluka kuyambira pakamwa mpaka pamwamba. Chilata chotsekera chagwa chafufumimba. Phulusa nkhuku zalipalasa, ndipo mavu ayamba kumanga mkati. Nkhuni zimene anawaza komaliza zikadali m'mbali, zosanjidwa bwino, zazikulu pansi. Chitsa chomwe ankakhalira chasalala pamwamba. Palibe wakhalapo.

Patuma anandipeza pomwepo akuchokera ku chitsime, ndowa yodzaza pamutu, osaigwira n'komwe. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Watsala pang'ono kuwapitirira amayi ake.

"Ababa."

"Ee."

"Dzulo amayi ena amati ambuje anali khukhi wamkulu kwa mzungu, anasiya chifukwa cha maso."

"Ee."

"Koma ambuje ankalowetsa okha ulusi m'singano mpaka chaka chino. Ine ndinkawaona. Ndiye anasiyiranji?"

Madzi anatayikira pang'ono m'ndowamo, n'kutsikira m'khosi mwake. Anaima chilili, akudikira. Ndinayang'ana mapazi ake. Ouma, olimba, a fumbi.

Ndinatola khasu langa, ndinaliika paphewa, n'kulowera njira ya ku dimba.